Moto Umene Sunazime Mibadwo Isanu ndi Iwiri



Poyenda m'midzi timamva kawirikawiri madandaulo amene sasiyana kwenikweni, kaya tili kumapiri kaya kunyanja. Wina ati: Tchalitchi chatitalikira, ndipo wansembe amatifika kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu. Wina ati: Bambo a m'nyumba muno anapita kukafuna ntchito, ndipo ana sandimvera ine. Wina ati: Ndinagwa m'tchimo kalekale, ndipo manyazi andiletsa kubwerera. Onsewa amatsiriza ndi mau amodzi: Tatopa, chikristu chatilemera. Madandaulo awa sitiwapeputsa, pakuti ali oona. Koma mwezi uno, tisanayankhe ndi uphungu wathu, tifuna kukusimbirani mbiri ya alimi ndi asodzi a ku dziko la Japan, amene anakhala zaka zoposa 200 osaona wansembe ngakhale mmodzi, nasungabe chikhulupiriro m'nyumba zao. Muiwerenge mokweza madzulo mutatha kudya, kuti ndi ana omwe amve.

Kufesa ndi kuzunzika

Japan ndi dziko la zilumba, kum'mawa kwa China. Amene anayamba kulalika Mthenga Wabwino kumeneko ndiye Francis Xavier Woyera, amene anakocheza pa dooko la Kagoshima pa 15 Ogasiti 1549, tsiku la Kutengedwa Kumwamba kwa Amai Maria. Iye anakhalako zaka ziwiri zokha, koma ansembe ena anamtsata, ndipo patapita zaka ngati 60 Akristu anafika pafupifupi 300,000. Mzinda wa Nagasaki unadzala ndi matchalitchi.

Olamula dziko anayamba kuchita nazo mantha. Iwo anaganiza kuti chipembedzo chachilendochi chidzatsegulira njira maufumu a Spain ndi Portugal, ndiponso sanakondwe kuona anthu ao akugwadira Mfumu ina yoposa iwo. Pa 5 Febuluwale 1597 Akristu 26 anapachikidwa pa mitanda pa chitunda cha mu Nagasaki, atawayendetsa mwezi wathunthu m'nyengo yozizira kuchokera ku Kyoto. Pakati pao panali Paul Miki, mlaliki wa chipani cha Ajezuiti, ndi Louis Ibaraki, mnyamata wa zaka 12. M'chaka cha 1614 boma linaletsa chikristu m'dziko lonse. Matchalitchi anagwetsedwa, ansembe anapirikitsidwa, ndipo amene anatsala mobisala anasakidwa mmodzimmodzi naphedwa. Pofika 1650 panalibenso wansembe woti apereke Nsembe ya Misa, kapena kukhululukira machimo, kapena kudzoza wodwala.

Ndipo boma linatchera ukonde wake mochenjera. Banja lililonse linayenera kulembetsa maina ku kachisi wa chipembedzo cha Buddha, ndipo maliro onse ankaikidwa ndi ansembe a kachisiyo. Mabanja anawaika m'magulu a asanuasanu: pakapezeka Mkristu m'nyumba imodzi, nyumba zonse zisanu zinkalangidwa. M'mphambano za njira munaimikidwa matabwa olembedwa mphotho ya wopereka mnzake: ndalama zasiliva 500 pa wansembe, 100 pa Mkristu wamba. Choopsa koposa chinali mwambo wotchedwa fumi-e. Chaka ndi chaka, m'masiku oyamba a chaka chatsopano, anthu a mu Nagasaki ndi a m'midzi yozungulira ankaitanidwa pamaso pa akulu a boma, kuti aliyense aponde ndi phazi lake chithunzi cha Ambuye Yezu kapena cha Amai Maria. Wokana anali atadziulula yekha.

Maudindo atatu a m'mudzi

Kumpoto kwa Nagasaki kuli chigwa chotchedwa Urakami, kumene kunkakhala alimi osauka. Iwo ataona kuti abusa apita, sanati: Basi, zatha. Anasiyanitsa zimene sangathe kuchita popanda wansembe ndi zimene Mkristu wamba angathe, ndipo zachiwirizi anazigwira ndi manja awiri, nagawana ntchito zitatu.

Woyamba ankatchedwa chokata, ndiye wosunga kalendala. Iye ankawerengera masiku a Eklezia potsata kalendala ya chaka cha 1634 imene makolo anasiya, kuti adziwe tsiku la Kubadwa kwa Ambuye, chiyambi cha Lenti, Pasaka ndi masiku a oyera. Wachiwiri, mizukata, ndiye mwini madzi. Ntchito yake inali kubatiza makanda. Ankasunga mau a Ubatizo m'Chilatini monga anawalandira, nawaphunzitsa kwa womlowa m'malo. Wachitatu, kikiyaku, ndiye wamthenga. Ankamva kwa akuluwo za masiku a sabata ikudzayo, nayenda khomo ndi khomo kukanong'oneza mabanja. Udindo wa chokata unayenda mibadwo isanu ndi iwiri, ndipo wotsiriza anagwidwa m'chaka cha 1856 nafera m'ndende.

Zotsala zinali za m'nyumba. Mabuku anali oopsa kusunga, chotero mapemphero ankaphunzitsidwa pakamwa, usiku, chitseko chili chitsekere: Atate Athu, Tikuoneni Maria, Kumvera kwa Apostoli, Tikuoneni Mfumukazi. Ena ankasunga kafano koumba ka mkazi wonyamula mwana. Anansi ankayesa kuti ndi Kannon wa chipembedzo cha Buddha, pamene eni nyumba pokayang'ana ankakumbukira Amai Maria. M'midzi ya kumeneko munalinso mau a makolo akuti itapita mibadwo isanu ndi iwiri ansembe adzabweranso, ndi zizindikiro zitatu zowadziwira: adzakhala osakwatira, adzamvera Papa wa ku Roma, ndipo adzalemekeza Amai Maria.

Inu amai mudziwa kusunga moto. Madzulo simuusiya ulilime mpaka uthe. Mumasonkhezera chikuni chachikulu, nimuchifotsera ndi phulusa, ndipo m'mawa mumauzira khala lotsalalo. Wodutsa usiku angayese kuti pamafuwa pazizira. Chikhulupiriro cha ku Urakami chinali moto wotere. Chinasungidwa ndi ntchito zazing'ono zochitidwa pa nthawi yake, sabata ndi sabata, ndi anthu amene ankadziwa kuti iwo eni mwina sadzauona m'mawawo. Agogo amene ankaphunzitsa mdzukulu wao cha m'ma 1720 anali asanaonepo wansembe, ndipo mdzukuluyo naye anafa osamuona. Nanga anapiriranji? Anapirira chifukwa anakhulupirira kuti Mulungu sanama, ndi kuti lonjezo lake silifa pamodzi ndi munthu amene walilandira.

Kugwa ndi kudzuka

Sitifuna kukubisirani choona. Akristu amenewa sanali onse amaritiri. Ochuluka a iwo ankaponda chithunzi chija chaka ndi chaka, chifukwa cha mantha ndi chifukwa cha ana ao. Kuponda kumeneko kunali kulakwa, ndipo iwo eni ankadziwa. Sanadzinyenge kuti n'zachabe. Pobwerera kunyumba ankanena pemphero lalitali la kulapa limene ankalitcha Konchirisan. Pempherolo linachokera m'kabuku kamene ansembe anasindikiza m'chaka cha 1603, kophunzitsa kuti munthu wosowa wansembe apemphe chikhululukiro kwa Mulungu ndi chisoni chenicheni chochokera m'chikondi, ali ndi mtima wofuna kudzaulula machimo ake mpata ukadzapezeka.

Pano pali phunziro la inu amene manyazi akukutsekerani kunja. Satana ali ndi misampha iwiri. Woyamba ndi wakuti: Chimwa, palibe kanthu. Wachiwiri, woipa koposa, ndi wakuti: Wachimwa kale, usadzivutenso kubwerera. Petulo Woyera anakana Ambuye katatu, Yudasi anawapereka kamodzi. Anasiyana pa chimene anachita atagwa. Mkristu wolimbikira naye amagwa. Chizindikiro chake ndi chakuti sagona pamene wagwerapo, ndipo amaphunzitsabe ana ake njira yomweyo imene iye mwini amapunthwamo. Achikhala alimi aja anati, Taponda, sitiyeneranso kutchula dzina la Yezu, chikristu chikadathera mu mbadwo woyamba.

Lachisanu la pa 17 Malichi 1865

Japan atayamba kutsegula madooko ake, mapangano a m'chaka cha 1858 analola alendo kumanga nyumba zao zopemphereramo, koma eni dziko anali oletsedwabe. Ansembe a ku France, a chipani cha Missions Étrangères de Paris, anamanga tchalitchi pa Oura mu Nagasaki, nachipereka kwa amaritiri 26 aja mu Febuluwale 1865. Sankadziwa ngati m'dzikomo munatsala Mkristu.

Patapita mwezi, Lachisanu pa 17 Malichi, masana, Bambo Bernard Petitjean anaona kagulu ka anthu oposa khumi, amuna, akazi ndi ana, ataima pakhomo pa tchalitchi. Anawatsegulira, nakagwada patsogolo pa guwa. Pamenepo mai wina anamyandikira, namnong'oneza kuti iwo onse ali ndi mtima umodzi ndi iye, ndi kuti achokera ku Urakami. Kenaka anafunsa kumene kuli chithunzi cha Maria Woyera. Atawatsogolera, anakondwa kwakukulu, nazindikira Mwana Yezu m'manja mwa amai ake. Anamuuzanso kuti tsikulo linali la 17 la nyengo ya chisoni, namfunsa ngati iyenso amaisunga nyengoyo. Tawerengani nokha: chaka chimenecho Lachitatu la Phulusa linali pa 1 Malichi. Zitapita zaka zoposa 200, kuwerengera kwa alimi aja kunakumana tsikulo ndi kwa Eklezia yense.

M'miyezi yotsatira anthu anabwera ochuluka, kuchokera ku Urakami, ku Sotome ndi ku zilumba za Goto. Anafunsa ansembewo za Papa ndi za kusakwatira kwao, ndipo atamva mayankho mitima yao inakhala pansi. Ansembe nao anafufuza mau amene mizukata wa ku Urakami ankanena pobatiza, napeza kuti ali oona. Anthu amene anaima pamaso pao anali Akristu obatizidwa.

Ulendo

Mungayese kuti mavuto anathera pomwepo. Ai. Atalandira masakramenti, Akristu a ku Urakami sanathenso kukhala ndi nkhope ziwiri. M'chaka cha 1867 anayamba kuika maliro ao okha, osaitana ansembe a kachisi, nauza mfumu ya mudzi poyera kuti iwo ndi Akristu. Boma linagwira atsogoleri ao, ndipo pakati pa 1868 ndi 1870 linasamutsa anthu pafupifupi 3,400, niliwamwaza m'zigawo ngati 20 za dzikolo. Kumeneko anazunzidwa ndi njala, kuzizira ndi kumenyedwa, ndipo oposa 600 anamwalira. Ena anafooka nakana, koma ambiri a iwo anabwereranso pambuyo pake. Chotero adzukulu a anthu oponda chithunzi anafera chithunzi chomwecho. Opulumuka ankatchula zaka zimenezo ndi liu limodzi lofatsa, lakuti Ulendo.

Maiko ena atadandaula, boma linachotsa matabwa a chiletso m'chaka cha 1873. Obwerera anapeza nyumba zopanda kanthu ndi minda itamera tchire. Analima, nasonkha pang'onopang'ono, nagula malo a nyumba ya mfumu ya mudzi, pamene makolo ao ankaponderapo chithunzi. Pa malo omwewo anayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha njerwa m'chaka cha 1895, nachitsiriza mu 1925.

Chitatsirizika chinaima zaka 20 zokha. Pa 9 Ogasiti 1945 bomba la atomiki linaphulika pamwamba pa Urakami, mamita ngati 500 kuchokera pa tchalitchicho, pamene ansembe awiri anali kulandira anthu ku Kulapa pokonzekera chaka cha Kutengedwa Kumwamba. Mwa Akristu ngati 12,000 a parishiyo, pafupifupi 8,500 anafa. Otsalawo anamanganso tchalitchi pa malo omwewo, nachitsegula mu 1959, ndipo Papa John Paul II anapempheramo mu 1981.

Amene sanabwerere

Patsala chinthu chimodzi chachisoni. Si onse obisala amene anabwerera ku Eklezia. Ena, makamaka pa chilumba cha Ikitsuki ndi m'midzi ina ya ku Goto ndi ku Sotome, sanafune ansembe, nati miyambo ya makolo yawakwanira. Sitiwaweruza, pakuti makolo ao anaivutikira miyamboyo. Koma mapemphero ena anali atasokonekera, kotero kuti ankatchula mau osadziwanso tanthauzo lake. Anakhala opanda Ukaristia, ndipo lero atsala ochepa, ambiri a iwo okalamba. Khala limafotseredwa m'phulusa kuti likoleze moto m'mawa. Wolisungabe m'phulusa dzuwa litakwera adzapeza likuzilala. Mapemphero a m'nyumba amatisunga panjira ya ku Misa ndi ku Kulapa, koma salowa m'malo mwa masakramentiwo.

Nanga ife?

Kuno kwathu misoni za Katolika zinakhazikika pa Nzama m'chaka cha 1901 ndi pa Mua mu 1902. Mibadwo isanu ndi iwiri sitinaikwanitse. Palibe wotiponderetsa chithunzi, palibe thabwa la mphotho pamphambano. Wansembe amachedwa, koma amafika. Zimene zimazimitsa moto m'nyumba zathu ndi zina: kutopa kwa madzulo, mowa, ndeu za m'banja, kuthamangira kukaombeza mwana akadwala, ndi mau aja akuti tidzapemphera mawa. Izi sizikhetsa mwazi, koma zatha mabanja ambiri. Tsono, potengera chitsanzo cha abale athu a ku Urakami, tikupemphani zinthu zinai.

Choyamba, m'nyumba iliyonse mukhale wosunga masiku. Kalendala ya Eklezia ipachikidwe poonekera, ndipo Loweruka madzulo wina anene kuti mawa ndi Tsiku la Mulungu lanji, ndi kuti sabata ikudzayo muli chikumbutso cha woyera uti. Ntchito imeneyi ingaperekedwe kwa mwana wa pa sukulu, ndipo adzainyadira. Wansembe akapanda kufika, pitanibe ku mapemphero a ku tchalitchi cha kumudzi ndi a ku mphakati.

Chachiwiri, wamkulu aliyense adziwe kubatiza. Mwana akakhala pafupi kufa, wansembe kapena mphunzitsi palibe, munthu aliyense angathe kumbatiza. Athire madzi enieni pamutu pa mwanayo, akunena yekha mau a Ubatizo m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, ali ndi mtima wofuna kuchita chimene Eklezia amachita. Pambuyo pake akadziwitse ku parishi kuti dzina lilembedwe m'buku. Pemphani mphunzitsi wanu akuyeseni mauwo mwezi uno, musadikire usiku wa tsoka.

Chachitatu, mapemphero a madzulo asadumphidwe. Asatalike mpaka ana kusinza, koma akhale a tsiku ndi tsiku, pakuti m'mera m'poyamba. Inu amai amene amuna anu ali kutali, musati ndilibe mphamvu: amene anayamba kulankhula pa Oura anali mai. Inu atate amene muli pakhomo, kumbukirani kuti mwana wamwamuna amene sanaonepo maondo a atate ake pansi adzati kupemphera ndi kwa akazi.

Chachinai, Mau a Kulapa anenedwe usiku uliwonse musanagone. Ndipo inu amene mwakhalitsa kutali ndi masakramenti, wansembe akadzafika ulendo uno mukhale oyamba kumuona. Ngati pali mlandu wa ukwati kapena wina wovuta, mufotokozereni. Mwina sudzatha tsiku lomwelo, koma mlandu wosanenedwa sutha konse. Alimi aja anadikira zaka 200 kuti aone chimene inu mungathe kuona mwezi ukudzawu.

Tisaiwale kuti chikhulupiriro ndi mphatso ya Mulungu, ndi kuti kulimbikira mpaka mapeto ndi chaulere chimene sitingagule ndi ntchito zathu. Tiyenera kuchipempha tsiku ndi tsiku, modzichepetsa. Koma kawirikawiri Mulungu amachifikitsa kwa ana kudzera m'manja mwa makolo. Mwina mwana wanu wataya kale njira, ndipo muyesa kuti mwafesa pathanthwe. Musaleke. Agogo a ku Urakami sanaone tchalitchi cha njerwa, koma popanda iwo sipakadapezeka wochimanga.

Pa 6 Febuluwale chaka chilichonse Eklezia amakumbukira Paul Miki Woyera ndi anzake. Tiwapemphe atipempherere, pamodzi ndi makolo osadziwika maina aja amene anasunga moto usiku wonse. Amai Maria, amene ana ake anamfunsa poyamba atangolowa m'tchalitchi, asunge nyumba zanu. Ambuye akudalitseni, inu ndi ana anu. Tidzachezanso mwezi wa mawa.